Ba Dokota, kodi ndinu dokota wa ciani?

Lolemba lapitali m'mawa pa Kulima Tower, basi ya ku Chelstone inatsala ndi malo a munthu mmodzi kuti inyamuke. Ngwangwazi anali atasasa mawu ndi kukuwa, ife m'kati thukuta lili kamukamu. Kenaka panafika bambo wina wovala khoti yoyera mbee, yofika m'mawondo, kacikwama kali m'manja.

"Ba dokota, bwelani kuno kusogolo, kumbuyo muzadesa khoti," anatero kondakita, uku akuthamangitsira kumbuyo mnyamata wa sukulu amene anali atakhala kale pafupi ndi dalaivala.

Bamboyo sanakane. Anakhala bwinobwino, basi n'kunyamuka. Titafika pa Northmead, mai wina amene anakhala kumbuyo kwake anamugwira paphewa.

"Ba dokota, munikhululukile. Mwana wanga akhosomola usiku onse, manje ni sabata yacibili. Ningamupase cani?"

Bamboyo anatembenuka mwamanyazi. "Amai, ine nisebenza mu buchala. Iyi khoti ni ya nyama. Mupelekeni cabe ku kiliniki mwana."

Basi yonse inafa nalo phwete. Kondakita anafuna kubweza mnyamata wa sukulu uja pampando wake, koma dalaivala anati zakwana. Mdala wina wa cipewa, nyuzi ili pamwendo, ndiye anakoleza moto.

"Museka cani imwe? Mu Lusaka muno aliyense ni dokota. Ba Kaunda benze ba dokota, munamvelako kuti banalasa munthu nyeleti?"

Mtsikana amene anali kuseluka pa UNZA anawonjezera ali pakhomo: "Ba lekichala banga bambili ni ma dokota, koma ukakomoka mu kilasi bazakuitanila cabe motoka."

Ine ndinaseka nawo, koma kuseka kwanga kunathera panjira. Caka catha, zilembo ziwiri zomwezi, D ndi R, zinatsala pang'ono kutilanda amai aang'ono.

Botolo la m'tauni

Amai aang'ono, mng'ono wao wa amai anga, akhala ku Kabwata ndipo amagulitsa salaula. Akhala ndi BP zaka zambiri. Mwezi uliwonse anali kulawira ku kiliniki, kuima pamzere, kupimitsa, n'kutenga mapiritsi ao. Anali kudandaula za mzerewo, koma thupi linali bwino.

Tsiku lina mnzao wa pamsika anawatengera ku ofesi ina ya pamwamba m'nyumba ina m'tauni. Kumeneko kunalibe mzere. Kunali mipando yofewa, mtsikana wolandira alendo, ndi bambo wa suti amene aliyense anali kumuitana kuti "Dokota". Anawagwiritsa kacitsulo m'manja, pa kompyuta n'kutuluka zithunzi za ziwalo za m'thupi zofiira ndi zobiriwira. Anawauza kuti mapiritsi a ku cipatala awononga impso, ndipo anawagulitsa mabotolo awiri a mankhwala amene anati ndi acilengedwe. Mtengo wake unali wokwana masaka awiri a unga.

Amai analeka mapiritsi. Sanauze aliyense, cifukwa kwa iwo panalibe cacilendo: dokotala wina anawapatsa mankhwala, dokotala wina wawasinthira. Patapita masabata 6 anagwa pa sitandi yao, pakamwa patapotoka, dzanja lamanzere litalefuka. Kucipatala anati ndi sitiroko yaing'ono, ndipo tinacita mwai kuti anzao anathamanga nao msanga.

Dokotala amene anawaona anali mtsikana wa msinkhu wanga. Anawafunsa kuti ndani anawauza kuleka mapiritsi. Amai anayankha movutikira kuti, "Ni ba dokota, sista." Onani pamenepo: dokotala weniweni anakhala "sista" cifukwa ndi mkazi wacicepere, wogulitsa mabotolo ndiye anakhala "ba dokota".

Sabata yotsatira ndinapita ku ofesi ija. Pakhoma panali cithunzi ca bambo uja atavala mkanjo wofiira ndi cisote ca omaliza maphunziro, pambali pake satifiketi ya m'galasi. Ndinaiwerenga ndili ciimire. Unali udokotala waulemu, wa za utsogoleri, wocokera ku bungwe lina la kunja. Za mankhwala panalibe ngakhale liwu limodzi. Nditamufunsa anandiyankha mosatekeseka: "Mwaice wanga, ine sininakambepo kuti ndine wa ku cipatala."

Cimene cinandipweteka n'cakuti sananame. Iye sanakambe. Zilembo ziwiri za pacitseko ndizo zinamukambira.

Liwu limodzi, njira zitatu

Liwu lakuti dokotala silinayambire m'cipatala. Linacokera ku Cilatini, ku mneni wakuti docere, kutanthauza kuphunzitsa. M'mayunivesite akale a ku Ulaya, monga Bologna ndi Paris, zaka zoposa 700 zapitazo, dokotala anali munthu amene wapatsidwa cilolezo cophunzitsa ena, kaya ndi malamulo, zaumulungu kapena zamankhwala. Mwacidule, dokotala anali mphunzitsi wa aphunzitsi.

Kwathu kuno liwuli linalowera khomo lina. Tinali kale ndi liwu lathu, sing'anga, kapena ng'anga monga tikambira m'tauni. Dokotala woyamba kuchuka m'dziko lino anali David Livingstone, amene anatenga ciphaso ca zamankhwala ku Glasgow mu 1840 ndipo anamwalira kwa Chitambo mu 1873. Pambuyo pake kunabwera zipatala za mishoni monga St Francis ku Katete, Mwami kufupi ndi Chipata, ndi Nyanje. Agogo athu anamva liwuli koyamba ali pabenchi ya odwala. N'cifukwa cake khutu la Mnyanja likamva "dokota" limaona nyeleti ndi mapiritsi, osati buku ndi choko.

Lero pali njira zitatu zovomerezeka zimene munthu amapezera zilembo zimenezi, ndipo zonse mungazione muli pawindo la basi.

Njira yoyamba ndi ya cipatala. Amene mumakwera mabasi opita ku Kabwata, Chilenje ndi Woodlands kudzera ku UTH mumaona anyamata ndi atsikana a makhoti oyera akuoloka Nationalist Road. Ambiri ndi ophunzira a pa Ridgeway, sukulu ya zamankhwala ya UNZA. Ulendo wao ndi wa zaka pafupifupi 7, ndipo akamaliza amayamba asewenza moyang'aniridwa ndi madokotala aakulu asanaloledwe kuima paokha. Wofuna ukatswiri, monga wa ana kapena wa opaleshoni, amabwereranso kusukulu zaka zina zinayi. Dr Christine Kaseba, amene anali mai wa dziko kuyambira 2011 mpaka 2014, ndi wa njira imeneyi: ndi katswiri wa matenda a azimai ndi ubereki, ndipo anasewenza pa UTH zaka zambiri.

Codabwitsa n'cakuti digiri imene madokotala athu amatenga, MBChB, pa dzina lake ndi digiri yoyamba, ya Bachelor, ya zamankhwala ndi ya opaleshoni. Mwambo umenewu tinatengera ku Britain. "Dr" wao ndi dzina la nchito, lopatsidwa mwa cizolowezi, ndipo palibe amene amatsutsa. Madokotala a mano nawonso amaitanidwa motero, cimodzimodzi a ziweto, amene amaphunzira pa Samora Machel School of Veterinary Medicine pa UNZA pomwepa.

Mukapitirira UNZA kulowera ku Chelstone mumadutsa pa Chainama, pamene tsopano pali Levy Mwanawasa Medical University. Kwa zaka zambiri koleji ya Chainama ndiyo yakhala ikuphunzitsa ma clinical officer, maphunziro a dipuloma a zaka zitatu. Amenewa ndiwo timawapeza kawirikawiri m'makiliniki a m'makomboni ndi kumidzi. Pa pepala si madokotala, ngakhale tonse timawaitana "ba dokota", koma anaphunzira kupima ndi kupereka mankhwala, ali ndi ciphaso, ndipo amadziwa pamene matenda awakulira kuti akutumizeni kutsogolo. Munthu wopanda "Dr" angathe kukhala ndi ufulu wokugwirani thupi, pamene wina wa "Dr" wamkulu pacitseko alibe.

Njira yaciwiri ndi ya kafukufuku, imene ambiri amaidziwa kuti PhD. Munthu amayamba ndi digiri yoyamba, kenaka ya masters, ndiyeno amatha zaka zitatu kapena kuposa akufufuza funso limodzi limene ena sanaliyankhe. Amalemba buku lonse, akatswiri n'kumukhazika pansi kumupanikiza ndi mafunso. Pa makwerero a maphunziro amene bungwe la Zambia Qualifications Authority limasunga, iyi ndi sitepe 10, yothera. Dr Guy Scott, amene anali phungu wa Lusaka Central ndipo anagwirizira upulezidenti a Michael Sata atamwalira mu 2014, anatenga PhD yake ku University of Sussex, pa za mmene nzeru za munthu ndi za makina zimagwirira nchito. Dr Situmbeko Musokotwane anatenga yake ya zacuma ku Konstanz m'dziko la Germany. Dambisa Moyo, mwana wobadwira mu Lusaka muno amene analemba buku la Dead Aid mu 2009, ali ndi udokotala wa zacuma wa ku Oxford. Onsewa ndi madokotala enieni, ndipo malinga ndi mbiri ya liwuli, ndiwo eni ake. Koma mwana akatentha thupi usiku, musagogode pageti pao.

Njira yacitatu ndi yaulemu. Yunivesite imasankha munthu amene wacitira anthu zazikulu n'kumuveka mkanjo popanda mayeso. Pa Cilatini amati honoris causa, ndiko kuti cifukwa ca ulemu. Apa ndi pamene pali yankho la mdala wa m'basi uja. A Kenneth Kaunda anali mphunzitsi wa sukulu. Udokotala wao unali waulemu, wocokera ku mayunivesite angapo, kuphatikizapo Fordham ya ku New York mu 1963. Wa a Frederick Chiluba nawonso unali waulemu. A Levy Mwanawasa anali loya, ndipo anayamba kulembedwa "Dr" atalandira ulemu wotere ku Harding University ya ku America mu 2007.

Ulemu wotere suli woipa. Yunivesite yodziwika ikathokoza munthu amene anamenyera ufulu wa dziko, palibe wodandaula. Vuto layamba cifukwa ulemuwu walowa pamsika. Kuli mabungwe amene alibe kalasi, alibe laibulale, alibe ngakhale wophunzira mmodzi, koma amabwereka holo ya hotela Loweruka masana, olandira n'kulipira "ya mkanjo ndi cakudya", pofika madzulo atuluka madokotala khumi. Lolemba lake zikwangwani zasintha: pa geti, pa khadi ya bizinesi, pa nsalu yoitanira anthu ku mapemphero a usiku wonse.

Pali njira inanso yacinayi imene ilibe mkanjo n'komwe. Yang'anani mapolo a magetsi mu Cairo Road, Freedom Way ndi Lumumba Road. Timapepala tomata pamenepo tonse tili ndi "Dr" kapena "Prof", nambala ya foni, ndi lonjezo lobweza mkazi wothawa, kupambanitsa mlandu ndi kuciza shuga pa masiku atatu. Asing'anga azitsamba ali ndi bungwe lao, Traditional Health Practitioners Association of Zambia, ndipo ambiri odziwa mitengo yao sabisala kumbuyo kwa dzina lacizungu. Wa papolo uja anadzipatsa yekha udokotala pa makina osindikizira.

Mukaoloka malire, tanthauzo lisintha

Mwina mungaganize kuti cisokonezo cimeneci n'ca ife tokha. Iyayi. Dziko lililonse lili ndi mwambo wake, ndipo Lusaka, mzinda wa akazembe, amalonda ndi ana athu obwerera kucokera kunja, walandira miyambo yonseyi n'kuisakaniza m'poto umodzi.

Tiyambe ndi Britain. Kumeneko wophunzira akamaliza sukulu ya zamankhwala amakhala "Dr". Koma akapitiriza, n'kupambana mayeso ovuta a ukatswiri wa opaleshoni, amavula udokotala uja n'kubwerera kukhala "Mr", "Miss", "Ms" kapena "Mrs", ndipo amanyadira. Cinayambitsa ndi mbiri. Kalekale ong'amba anthu sanali kupita ku yunivesite. Anali kuphunzira nchito pamanja, ndipo ku London anali m'bungwe limodzi ndi ometa tsitsi kuyambira 1540 mpaka 1745. Madokotala a digiri anali kuwayang'anira pansi. Nchito ya opaleshoni itakwera ulemu, eni ake anasunga "Mr" uja ngati cizindikiro cao. Conco m'bale wanu wa ku Manchester akakuuzani kuti amuona ndi "Mr" wakutiwakuti, musadandaule kuti amupatsa kalaliki. Wafika kwa mkulu weniweni.

Ku America dokotala wa cipatala amayamba watenga digiri ina ya zaka zinayi, kenaka zaka zina zinayi za zamankhwala, n'kutuluka ndi MD, imene pa dzina lake ndi udokotala. Maloya ao nawonso digiri yao ili ndi liwu la dokotala m'kati, Juris Doctor, koma loya wodziitana "Dr" angamuseke. A PhD amalemekezedwa pa yunivesite, koma kunja kwa geti nkhani imavuta. Mu December 2020 nyuzi ya Wall Street Journal inasindikiza nkhani ya wolemba wina, Joseph Epstein, youza Jill Biden, mkazi wa pulezidenti wosankhidwa panthawiyo, kuti aleke kudziitana "Dr" popeza si wa cipatala. Maiyo ali ndi udokotala wa zamaphunziro wa ku University of Delaware, wa mu 2007. Anthu anakangana masabata, ambiri akuti mwamuna sakanauzidwa zotere.

Ku Germany ndiye kulibe masewera. Munthu angathe kulembetsa "Dr" wake pa pasipoti ndi pa citupa, monga kuti inu mwalembetsa pa NRC. Kudzipatsa dzinali popanda umboni ndi mlandu, ndipo cilango cake ndi faindi kapena ndende mpaka caka cimodzi. Womaliza sukulu ya zamankhwala kumeneko amakhala Arzt, kutanthauza wociza, ndipo amaloledwa kuona odwala, koma sakhala "Dr" mpaka atalemba kafukufuku wake. Waulemu amayenera kulemba "Dr. h.c." kuti aliyense adziwe. Mu 2011 nduna ya zacitetezo, Karl-Theodor zu Guttenberg, inatula pansi udindo yunivesite ya Bayreuth itailanda udokotala cifukwa inakopera zolemba za ena. Mu 2013 nduna ya zamaphunziro yeniyeniyo, Annette Schavan, inacoka pa cifukwa cofanana. Tangoganizani nduna kusiya galimoto ya boma cifukwa ca ndime zokopera m'buku la kusukulu.

Tsono tsikirani ku Italy, mupeza zosiyana kotheratu. Aliyense womaliza digiri yoyamba ndi dottore, mkazi dottoressa, kaya anaphunzira zowerengera ndalama kapena mbiri yakale. Ku Portugal n'cimodzimodzi, ndipo mwambowu unafika kwa anansi athu a ku Mozambique ndi Angola. Amalonda amene amadutsa pa Chanida kupita ku Tete adziwa: bwana wa mu ofesi amene ali ndi digiri amaitanidwa senhor doutor, injiniya amaitanidwa engenheiro. Ku France ndi ku Congo, pakamwa pa anthu wamba docteur ndi wa cipatala, pamene loya ndi maître.

Ngakhale udokotala wa cipatala weniweniwo suoloka malire wokha. Citsanzo cili pafupi. Hastings Kamuzu Banda anamaliza maphunziro a zamankhwala ku Meharry Medical College ku America mu 1937. Koma kuti aloledwe kuciza m'maiko olamulidwa ndi Britain anayenera kukaphunziranso ku Edinburgh, kumene anatenga ziphaso zina mu 1941. Ndipo mpamene anasewenza ku Liverpool, ku London ndi ku Ghana, asanabwerere kwao mu 1958. Mpaka lero lamulo ndi lomwelo: mwana wathu amene waphunzira zamankhwala ku China, ku Russia kapena ku Cuba sangofikira kuvala khoti. Mapepala ake amayamba aunikidwa ndipo amalembetsa kuno asanagwire wodwala.

Anansi ayamba kusesa

M'maiko a mu Africa nkhaniyi yafika pa matebulo a boma. Ku South Africa, mu 2014, Pallo Jordan, nduna yakale komanso mmodzi wa anthu anzeru odziwika m'cipani ca ANC, anatula pansi uphungu nyuzi ina itaulula kuti "Dr" amene anakhala naye zaka zambiri analibe digiri kumbuyo kwake. Caka comweco ku Zimbabwe kunabuka mkangano waukulu University of Zimbabwe itapatsa Grace Mugabe PhD, aphunzitsi ena a pa yunivesite pomwepo akufunsa kuti kafukufukuyo anacitika liti. Mu 2025 bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba ku Ghana linaletsa anthu a udokotala waulemu kuika "Dr" kutsogolo kwa maina ao, ndipo la ku Malawi linanenanso zofanana.

Kuno kwathu zida zilipo kale. Higher Education Authority, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2013, ndiyo imalembetsa mayunivesite ndi makoleji. Zambia Qualifications Authority imatsimikizira mapepala a maphunziro, kuphatikizapo ocokera kunja. Health Professions Council of Zambia, HPCZ, imalembetsa madokotala, ma clinical officer ndi ena a zaumoyo, imapereka ciphaso cogwirira nchito cimene cimakonzedwanso caka ndi caka, ndiponso imapereka laisensi kwa makiliniki ndi zipatala. Manesi ndi anamwino a ubereki ali ndi khonsolo yao. Mankhwala ogulitsidwa ndi mashopu ake amayang'aniridwa ndi ZAMRA.

Ife atolankhani tilinso ndi mlandu wathu. Munthu akatumiza cikalata ku nyuzi atadzilemba "Dr", timakopera mmene ciliri, mawa dziko lonse lamuvomereza. Ku koleji anatiphunzitsa kufunsa kalembedwe ka dzina la munthu, koma kufunsa kumene anatenga udokotala timaopa, kuti tingaoneke amwano. Bungwe la nkhani la Associated Press ku America lili ndi lamulo lake: "Dr" amalembera a zaumoyo, monga a cipatala, a mano ndi a ziweto. Kwa ena, ngati nkhani ifuna, amafotokoza kuti munthuyo ali ndi udokotala wa phunziro lakutilakuti. A PhD ena amadandaula nalo lamuloli, ndipo dandaulo lao lili ndi mutu, koma wowerenga sasokera.

Kufunsa si mwano

Tinaleredwa kuti wamkulu safunsidwa mapepala. Munthu wa suti, wa imvi, wa galimoto yaikulu, ungayambe bwanji kumufunsa kuti anaphunzira kuti? Ndipo m'tauni muno maina aulemu ndi ndalama yaing'ono imene timapatsana tsiku lililonse. Kondakita amaitana aliyense "bosi", "ba manija", "ba bishopu", malinga ndi mmene wavalira. Wokonza mafoni pa Katondo Street ndi dokota wa mafoni, makanika wa ku Chelstone ndi dokota wa ma injini. Pamenepo palibe amene amapwetekedwa, tonse tidziwa kuti ndi nthabwala ya ulemu.

Koma pamene munthu afuna kukugwirani thupi, kukulasani nyeleti, kukugulitsani mankhwala kapena kukuuzani kuti muleke amene mukumwa, nthabwala yatha. Kaya ndi m'kacipinda ka pamwamba m'tauni, kaya ndi m'nyumba ya mpanda wamagetsi ku Kabulonga kapena ku Woodlands, yang'anani pakhoma. Cithunzi ca mkanjo si umboni. Funani ciphaso ca HPCZ ca munthuyo, ca caka cino, ndi laisensi ya malowo. Ngati simuziona, funsani. Pali kafunsidwe kaulemu kamene sikanyoza munthu: "Ba dokota, munikhululukile, udokota wanu ni wa mbali iti?" Dokotala wa cipatala adzakuyankhani mosavuta, mwina n'kukulozerani pepala lake. Wa PhD adzaseka n'kukuuzani kuti iye ndi wa zacuma kapena wa zaulimi, pitani ku kiliniki. Amene adzakwiya ndi funso limeneli wakuyankhani kale.

Cinanso, mankhwala a BP, a shuga, a TB ndi ma ARV salekedwa cifukwa ca mawu a munthu mmodzi, ngakhale atakhala ndi zilembo zingati kutsogolo kwa dzina. Ngati akukuvutani m'thupi, bwererani kumene munawatenga mukafotokoze, akusinthireni iwo.

Nawonso amene analandira udokotala waulemu angatithandize. Palibe cocititsa manyazi kulemba dzina lanu, pansi pake n'kuonjeza kuti munalandira ulemu wakutiwakuti ku yunivesite yakutiyakuti. Anthu adzakulemekezanibe, ndipo palibe mai amene adzakugwirani paphewa m'basi kukufunsani za cifuwa ca mwana.

Amai aang'ono anabwerera pa sitandi yao ya salaula. Dzanja lamanzere likali lolemera, moti mabelo amawamasulira ndi mwana wa mlongo wao. Mapiritsi amamwa m'mawa uliwonse, ndipo mzere wa ku kiliniki saudandaulanso kwambiri. Mwezi watha ndinawaperekeza kukaonedwanso kucipatala, ndipo tinapeza dokotala wamkazi yemwe uja. Amai anaimirira, n'kugwira dzanja lake ndi manja awiri.

"Ba dokota, mwauka bwanji?"

Titatuluka ndinawaseka kuti lero "sista" wakwezedwa pa nchito. Anandiyang'ana m'mbali, uku akufunafuna ndalama ya basi m'citenje.

"Iwe, leka vokamba-kamba. Uja ninamufunsa. Anaphunzila seven years pa Ridgeway."